Nambala yachinayi: chinsinsi cha zithunzi zoonekera kuseri

Mkangano wake ndi wodziwika m'malo ambiri osindikizirako makadi a ukwati, mapositala ndi matisheti. Mlembi wa kwaya, wa bungwe la amayi kapena wa timu ya mpira wafika ndi chizindikiro cha gulu lake mufoni. Akufuna achiike papositala ya buluu yoitanira anthu ku mwambo wa Loweruka likudzali.

Wapakompyuta akachiika, chizindikiro chija chimatera papositala chitakhala m'kabokosi koyera mbee, ngati chigamba cha thumba la ufa pa buluku la suti.

Mwini ntchito amayamba kudandaula kuti iye adabweretsa chizindikiro chokha, nanga bokosili lachokera kuti? Naye wapakompyuta amadziteteza kuti wolakwa si iye ayi, koma fayilo yomwe wapatsidwa. Akufuna ya PNG, ija amati yopanda background.

Ambiri amangoti awa ndi matama a anyamata a makompyuta. Komatu mawuwa ali ndi mutu. Gwero la mkanganowu ndi nambala imodzi yomwe imakhala m'kadontho kalikonse ka chithunzi, kapena kusowamo. Akatswiri amaitcha alpha. Ntchito yake ndi kunena kuti kadonthoko katchinge motani zomwe zili kuseri kwake: katchinge kotheratu, katchinge pang'ono, kapena kasatchinge n'komwe.

Nambalayi idabadwira m'dziko la America zaka za m'ma 1970, idapezetsa anthu anayi mphotho ya ku Hollywood, ndipo lero ili mufoni ya aliyense amene adatumizako sitika pa WhatsApp. Koma nambala yomweyi imathanso kuyalutsa munthu amene akuganiza kuti chinthu chikasiya kuoneka ndiye kuti chafufutika.

Chithunzi ndi manambala basi

Kompyuta siona chithunzi monga momwe maso a munthu amaonera. Kwa iyo, chithunzi ndi mizere ya timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse, komwe pa Chingerezi amati pixel, ndi manambala chabe.

Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira kulowetsedwa m'kompyuta chidali cha khanda, mwana wa Russell Kirsch, katswiri wa ku bungwe la National Bureau of Standards ku America. Umu mudali m'chaka cha 1957 ndipo chithunzicho chidali ndi timadontho 176 chopingasa ndi 176 chotsika. Lero sikirini ya TV ija amati Full HD ili ndi timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600.

Kuti kadontho kakhale ndi mtundu, pamafunika manambala atatu: ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu. Pa zithunzi zambiri, nambala iliyonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Onse atatu akakhala pa 0, kadontho kamada bii. Akakhala pa 255, kamayera. Kufiira ndi kubiriwira zikafika pa 255 buluu n'kutsala pa 0, pamatuluka chikasu, poti chomwe chikusakanizidwa apa ndi kuwala, osati penti. Kusakaniza kotereku kumabala mitundu 16,777,216, ndipo njirayi amaitcha RGB potengera zilembo zoyamba za mayina a mitundu itatuyi pa Chingerezi.

Koma chilipo chimodzi chomwe manambala atatuwa sangathe kunena, chomwe ndi chakuti pamalo pano palibe kanthu. Chithunzi m'kompyuta chimakhala cha ngodya zinayi nthawi zonse. Chizindikiro cha kwaya chikakhala chozungulira, timadontho ta m'ngodya timayenerabe kupatsidwa mtundu wina wake, ndipo nthawi zambiri timapatsidwa woyera. Papepala loyera palibe amene amazindikira. Tsiku lochiika pabuluu m'pamene bokosi lija limaonekera.

Mutu udayamba kale kuwawa opanga mafilimu

Vuto lochotsa munthu kapena chinthu pamalo pomwe chidajambulidwira n'kukachiika pena ndi lakale kuposa makompyuta. Oyamba kulimbana nalo adali opanga mafilimu.

M'chaka cha 1898, Mfalansa Georges Méliès adadabwitsa anthu ndi kafilimu komwe iye ankaoneka akuzula mutu wake n'kuuika patebulo. Matsenga ake adali akuti ankatchinga mbali ina ya filimu kuti isalandire kuwala, kenaka n'kubweza filimuyo ndi kujambula mbali yotsalayo payokha.

Ojambula makatuni nawo adapeza njira yawo. Mu 1914, Earl Hurd wa ku America adalembetsa luso lojambula anthu a m'katuni pamapepala oonekera ngati galasi. Nyumba ndi mitengo zinkajambulidwa kamodzi kokha papepala lapansi, pomwe wosewera ankajambulidwa pamapepala oonekerawo n'kumasanjikizidwa pamwamba. Posapakidwa penti pankaoneka za pansi.

Kenaka kudabwera nsalu ya buluu. Wosewera ankajambulidwa ataima kutsogolo kwa nsaluyo, ndipo pambuyo pake buluu yense ankachotsedwa kuti m'malo mwake mulowe nyanja, thambo kapena chipululu. Larry Butler adagwiritsa ntchito njirayi mufilimu ya The Thief of Bagdad ya mu 1940 ndipo adalandira nayo mphotho ya Oscar. Katswiri wina, Petro Vlahos, adapititsa luso lotereli patsogolo, ndipo nzeru zake zidathandiza pa mafilimu monga Mary Poppins ya mu 1964.

Pa ntchito yonseyi pankafunika filimu yachiwiri yapadera yomwe amaitcha matte. Iyo sinkakhala ndi nkhope kapena zovala, koma mthunzi wokha wa wosewera, wosonyeza pofunika kutchinga ndi pofunika kusiya poonekera. Chithunzi chinkakhala kwake, mthunzi wake kwakenso. Ziwirizi zikangophonyana pang'ono, wosewera ankatuluka ndi mzere wonyansa kuzungulira thupi lonse.

Usiku umodzi ku New York

Amene adaganiza zoti mthunzi uja uzikhala m'chithunzi momwemo ndi Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith. Awiriwa ankagwira ntchito pa sukulu ya New York Institute of Technology, pachilumba cha Long Island, komwe mwini sukuluyo, Alexander Schure, adatsegula malo ofufuzirako luso lopanga makatuni ndi kompyuta mu 1974.

Nthawi imeneyo malo osungira chithunzi m'kompyuta adali odula koopsa. Malinga ndi zomwe Smith adalemba pambuyo pake, Schure adagula makina oyamba osungira chithunzi chimodzi ku kampani ya Evans & Sutherland pamtengo wa $80,000, ndipo ena asanu adawagula pa $60,000 alionse. Makina amodzi ankasunga timadontho 512 chopingasa ndi 512 chotsika, koma nambala imodzi yokha pa kadontho. Kuti apeze chithunzi cha mitundu yonse, ankalumikiza makina atatu: a kufiira, a kubiriwira ndi a buluu.

Chakumapeto kwa 1977, Catmull ankayesa njira yake yatsopano yojambulira zinthu ndi kompyuta kuti m'mphepete mwake muzioneka mosalala. Ankafuna kuona momwe chinthu chimodzi chingaonekere pamwamba pa zithunzi zosiyanasiyana. Tsoka lake, akasintha chithunzi cha pansi, kompyuta inkayenera kuyambiranso ntchito yonse, ndipo makompyuta a nthawiyo ankachedwa zedi.

Smith akufotokoza kuti ali mkati mwa ntchito yotopetsayi, Catmull adati zikadapepuka chikhala kuti kompyuta ikujambula chinthucho kamodzi kokha, n'kusunga pa kadontho kalikonse mtundu wake pamodzi ndi mlingo wa katchingidwe kake. Smith, yemwe adali atalemba kale mapulogalamu osungira zithunzi pamalopo, adaona kuti n'zosavuta kuwonjezera nambala yachinayi pa atatu aja. Adachezera usiku, ndipo pofika m'mawa ntchito idali itatheka.

Dzina loti alpha adalitenga ku chilembo choyamba cha Chigiriki, chomwe akatswiri a masamu amakonda kugwiritsa ntchito posakaniza zinthu ziwiri. Kuchokera apo, RGB idasanduka RGBA.

Poyamba zidaoneka ngati kuwononga chuma, poti nambala yachinayi imakuza chithunzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chithunzi cha Full HD chosapanikizidwa chimadya malo pafupifupi 6.2 MB ndi manambala atatu, koma ndi anayi chimafika pa 8.3 MB. Phindu lake lidaposa mtengowo. Kuyambira tsiku limenelo, chinthu chojambulidwa chidayamba kuyenda ndi mthunzi wake womwe, ndipo chikadatha kuikidwa paliponse popanda kuchijambulanso.

Masamu a nsalu yopyapyala

Alpha nayo imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Ikakhala pa 255, kadontho kamatchinga ngati khoma la njerwa. Ikakhala pa 0, kadonthoko sikaoneka n'komwe. Pakati pa ziwirizi m'pomwe pali utsi, nkhungu, mthunzi, madzi ndi magalasi odetsedwa a galimoto.

Masamu ake ngosavuta. Alpha ikanena kuti kadontho katchinge magawo 30 pa 100, kompyuta imatenga magawo 30 a mtundu wa pamwamba ndi magawo 70 a mtundu wa pansi n'kuphatikiza. Mwachitsanzo, kadontho kofiira kotchinga theka kakaikidwa papepala loyera kamatuluka ka pinki, manambala ake 255, 128 ndi 128. Kadontho komweko kakaikidwa pamalo akuda kamatuluka kofiira modera, manambala ake 128, 0 ndi 0. Kadontho n'kamodzi, koma maonekedwe ake akudalira chomwe chili pansi.

Pali pena pomwe ambiri amaphonya. Munthu akapachika pawindo nsalu yopyapyala yotchinga theka la kuwala, n'kupachikanso ina yofanana nayo, angaganize kuti theka ndi theka zatseka kuwala konse. Si choncho. Nsalu yachiwiri imatchinga theka la kuwala komwe kwapulumuka pa yoyamba, motero ziwirizo zimatchinga magawo 75 pa 100. Yachitatu imafikitsa pa 87.5. Kuwala kumanka kuchepa koma kena kamadutsabe. Kompyuta imawerengera chimodzimodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense wofuna kubisa mawu pachithunzi.

Ntchito ina yaikulu ya alpha ili m'mphepete mwa zinthu. Mzere wozungulira suyenda motsata malire a timadontho. Umadutsa pakati pa tina, kutisiya theka mkati, theka kunja. Kompyuta ikakakamizika kusankha kuti kadontho kotere n'kamkati kapena n'kakunja, m'mphepete mumatuluka mano ngati a sowo. Koma ikapatsa kadonthoko alpha ya theka, mphepeteyo imasungunukira bwino m'chithunzi cha pansi, kaya ndi chabuluu kaya n'chakuda.

Sobo wosungunula kale

Mutu umodzi susenza denga. Catmull adasamukira ku kampani ya Lucasfilm ya George Lucas, yemwe adayambitsa mafilimu a Star Wars, mu 1979, ndipo Smith adamutsatira mu 1980. Kumeneko anzawo awiri, Thomas Porter ndi Tom Duff, ndiwo adayala bwino malamulo a kasanjikizidwe ka zithunzi.

Mu 1984, pamsonkhano wa akatswiri wa SIGGRAPH mumzinda wa Minneapolis, Porter ndi Duff adatulutsa pepala lotchedwa Compositing Digital Images. M'menemo adaonetsa njira 12 zophatikizira zithunzi ziwiri, monga kuika china pamwamba pa chinzake, kuonetsa china mkati mwa chinzake mokha, kapena kuboola china ndi chinzake. Mapulogalamu ambiri a lero akutsatabe malamulo amenewa.

Awiriwa adalimbikitsanso kasungidwe kena ka manambala, ndipo mpaka pano njira zilipo ziwiri. Kusiyana kwake kuli ngati kwa sobo. Wina amasunga sobo wosasungunula m'botolo, n'kulemba pambali kuti pomwa athiremo madzi ochuluka mwakuti. Wina amasunguniratu n'kusunga wokonzeka kale.

Pa njira yoyamba, kadontho kofiira kotchinga theka kamasungidwa ngati 255, 0, 0 ndi alpha ya 128. Kufiira kuli konse, ndipo kompyuta idzakuchepetsa tsiku losanjikiza. Pa njira ya Porter ndi Duff, yomwe amaitcha premultiplied alpha, kadontho komweko kamasungidwa ngati 128, 0, 0 ndi alpha ya 128. Kuchepetsa kwachitikiratu. Njira yachiwiriyi imafulumizitsa ntchito ndipo imapereka zotsatira zolondola pokuza, pochepetsa kapena posalaza chithunzi, n'chifukwa chake opanga mafilimu amaikonda.

Chisokonezo chimadza pomwe pulogalamu ina yasunga mwa njira iyi, inzake n'kuwerenga mwa njira inayo. Wothira madzi m'sobo wosungunula kale amamwa zosukuluka. Nayo kompyuta ikachepetsa kachiwiri mtundu wochepetsedwa kale, m'mphepete mwa chithunzi mumada. Kamzere kakuda kapena koyera komwe nthawi zina kamazungulira mutu wa munthu papositala kamachokera ku zolakwika za mtundu umenewu, kapena ku zotsalira za pamalo pomwe munthuyo adajambulidwira.

Gulu la Catmull ndi Smith lidachoka ku Lucasfilm mu 1986 n'kukhala kampani ya Pixar ndi ndalama za Steve Jobs. Mu 1995 kampaniyi idatulutsa Toy Story, filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse ndi kompyuta. Mu 1996, bungwe lopereka mphotho za Oscar lidalemekeza Smith, Catmull, Porter ndi Duff ndi mphotho ya zasayansi kaamba ka luso lawo losanjikiza zithunzi.

Anthu wamba lusoli lidawafikira kudzera m'mapulogalamu okonzera zithunzi. Photoshop, yomwe adayambitsa ndi pachibale Thomas ndi John Knoll, idatuluka mu 1990, ndipo mu 1994 idayamba kulola munthu kusanjikiza zithunzi zingapo, chilichonse pamalo pake, monga ankachitira Hurd ndi mapepala ake. Mu Photoshop ngakhalenso mu GIMP, yomwe ndi yaulere, malo opanda kanthu amaonetsedwa ndi timabokosi toyera ndi totuwa tonga pabolodi la drafuti.

Chifukwa chake amafuna ya PNG

Si njira zonse zosungira zithunzi zomwe zili ndi malo a nambala yachinayi. JPEG, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992 ndipo makamera ndi mafoni ambiri amasungiramo zithunzi, ilibe alpha. Idapangidwira zithunzi za kamera, momwe kadontho kalikonse kali ndi mtundu. Chizindikiro chikangosungidwa ngati JPEG, malo onse oonekera amadzazidwa ndi mtundu, kawirikawiri woyera kapena wakuda.

GIF, ya kampani ya CompuServe, idayamba mu 1987 ndipo mu 1989 idawonjezera kuonekera kuseri, koma mopereweza. Imalola mitundu 256 yokha, ndipo munthu amasankhapo umodzi kuti ukhale wosaoneka. Kadontho kamaoneka konse kapena kusaoneka konse, za theka palibe. N'chifukwa chake zithunzi za GIF zimakhala ndi mano m'mphepete.

PNG idabadwa kaamba ka mkangano wa ndalama. Njira yopanikizira zithunzi ya mu GIF idali yolembetsedwa ndi kampani ya Unisys, ndipo mu Disembala 1994 kudamveka kuti opanga mapulogalamu ogwiritsa ntchito GIF azilipira. Akatswiri ambiri adakwiya. Mu Januwale 1995, Thomas Boutell adatulutsa ndondomeko yoyamba ya njira ina yaulere, anzake a m'mayiko osiyanasiyana adathandizapo kudzera pa intaneti, ndipo mu Okutobala 1996 bungwe la W3C, loyala malamulo a masamba a pa intaneti, lidaivomereza. PNG idabwera ndi alpha yathunthu.

Ngakhale zidali choncho, padatenga zaka kuti ifale. Internet Explorer 6 ya Microsoft, yomwe idatuluka mu 2001 ndipo anthu ambiri ankatsegulira intaneti nthawi imeneyo, sinkaonetsa bwino alpha ya PNG. Pamalo oonekera inkaikapo mtundu wotuwa. Vutoli lidakonzedwa mu Internet Explorer 7 ya mu 2006.

Lero alpha ili ponseponse. Masitika omwe WhatsApp idayambitsa mu 2018 amasungidwa mu WebP, njira yomwe Google idatulutsa mu 2010, ndipo n'chifukwa cha alpha kuti sitika imakhala pamacheza yopanda bokosi. Muyezo wa sitika ndi timadontho 512 chopingasa ndi 512 chotsika, ndendende ndi makina aja a ku Long Island. Kuti asunge sitika imodzi yotere ndi manambala ake onse anayi, Catmull ndi Smith akadafuna makina anayi, omwe pamitengo ija adali a $260,000.

Tsitsi ndiye mayeso

Kusanjikiza chithunzi chomwe chili kale ndi alpha n'kosavuta. Ntchito yagona popeza alpha ya chithunzi chojambulidwa ndi kamera.

Pa kadontho ka m'mphepete mwa tsitsi, kamera imapereka manambala atatu okha, omwe ndi tsitsi ndi khoma la kumbuyo zitasakanikirana kale. Koma kompyuta ikufuna manambala asanu ndi awiri: atatu a tsitsi, atatu a khoma ndi alpha. Kuli ngati kupatsidwa phala lothira kale nsinjiro n'kuuzidwa kuti unene kuchuluka kwa ufa, madzi ndi nsinjirozo.

Apa m'pomwe nsalu ya buluu kapena yobiriwira imathandiza, poti imadziwitsiratu kompyuta mtundu wa kumbuyo. Mitundu iwiriyi amaisankha chifukwa ili kutali ndi mtundu wa khungu la munthu. Makamera ambiri a masiku ano ali ndi timaso toona kubiriwira tochuluka kawiri kuposa ta kufiira kapena ta buluu, motero nsalu yobiriwira ndiyo yafala. Wolengeza zanyengo pa TV amene amaoneka ataima kutsogolo kwa mapu nthawi zambiri amakhala akuloza nsalu yopanda kanthu. Akalakwitsa n'kuvala malaya obiriwira, mapu amaonekera pachifuwa pake.

Mafoni ndi mapulogalamu a lero amayesa kuchita ntchitoyi popanda nsalu, pogwiritsa ntchito nzeru zomwe kompyuta yaphunzira poona zithunzi zambirimbiri. Mwachitsanzo, kuyambira mu 2022 mafoni a iPhone amalola munthu kudinikiza chala pa munthu kapena galu wa pachithunzi n'kumunyamula yekha. Komabe kompyuta imakhala ikungoyerekeza, ndipo poyerekeza pamaonekera patsitsi, pandevu, pamagalasi a m'maso ndi pa velo ya mkwatibwi.

Chobisika sichidachoke

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Alpha imabisa, koma kubisa ndi kufufuta ndi zinthu ziwiri zosiyana.

PNG imasunga manambala mwa njira ya sobo wosasungunula. Izi zikutanthauza kuti kadontho kangathe kukhala ndi alpha ya 0, kosaoneka n'komwe, koma manambala ake atatu a mtundu ali chikhalire. Mapulogalamu ena munthu akafufuta mbali ya chithunzi amangotsitsa alpha, mitundu n'kuisiya. GIMP ili ndi njira yobwezeretsera zomwe zafufutidwa motere, ndipo posunga PNG imapatsa munthu mwayi wosankha kuti mitundu ya timadontho tosaoneka isungidwe kapena itayidwe. Wofufuta nkhope ya mnzake kapena nambala ya galimoto mosasamala angatumize fayilo yomwe wodziwa angaivundukule.

Msampha wina uli m'mafoni. Munthu akufuna kutumiza pagulu chithunzi cha risiti ya ku banki kapena chiphaso cha unzika, ndiye amatenga cholembera cha mufoni n'kupaka pa nambala. Zina mwa zolembera zimenezi, makamaka chija choonetsera mawu ofunika, zidapangidwa dala kuti zizionetsa za pansi. Kupaka kawiri kapena katatu kumaoneka ngati kwada bii, koma monga zidalili ndi nsalu zopyapyala zija, kena kamatsalabe. Wolandira akakweza kuwala kwa chithunzicho, manambala angathe kuonekeranso.

Ngakhale chophimba chakuda kotheratu chingathe kupusitsa ngati changosanjikizidwa pamwamba pa mawu omwe akadali m'fayilo. Mu Januwale 2019, maloya a Paul Manafort, yemwe adatsogolerako kampeni ya Donald Trump mu 2016, adapereka kukhoti ku America chikalata cha PDF chokhala ndi mizere yakuda pa ndime zachinsinsi. Atolankhani adangokopera ndimezo n'kuzimata pena, mawu onse n'kuwerengeka. Zina mwa zomwe zidaululika zidali zakuti Manafort ankaganiziridwa kuti adapereka zotsatira za kafukufuku wa zachisankho kwa mnzake wa bizinesi, Konstantin Kilimnik.

Luso lomweli limathandizanso akathyali. Siginecha kapena chidindo cha ofesi chikajambulidwa n'kuchotsedwa pepala lake, chimasanduka PNG yomwe ingaikidwe pa kalata iliyonse n'kuoneka ngati idadindidwa pomwepo. Pachifukwa ichi, kalata ya ntchito, ya malo kapena ya ngongole yobwera pafoni siyenera kukhulupiriridwa kaamba ka chidindo chokha. Safunsa adadya phula. Ofesi yomwe akuti yalemba kalatayo ndiyo ingatsimikize.

Zoyenera kutsata

Kwa mlembi wa kwaya uja, mankhwala ake ngapafupi. Apemphe amene adakonza chizindikiro kuti amupatse fayilo yeniyeni ya PNG, ndipo poitumiza pa WhatsApp aitumize ngati document, osati ngati chithunzi wamba, poti chithunzi wamba chimapanikizidwa panjira ndipo alpha imatha kutayika.

Asamalenso ndi zithunzi za pa intaneti zomwe zimaonetsa timabokosi ta drafuti kumbuyo. Zambiri mwa izo n'zachinyengo: timabokosito tidajambulidwa m'chithunzi momwemo, ndipo tidzatuluka papositala monga momwe tikuonekeramo.

Adziwenso kuti makina ambiri osindikizira pamapepala alibe inki yoyera. Poyera ndi poonekera ponse amangosiya pepala momwe lilili. Koma makina osindikiza pa tisheti yakuda amayamba ayala inki yoyera pansi, motero bokosi loyera lomwe silinkaoneka papepala limadzatuluka lonse pachifuwa.

Ndipo wofuna kubisa nambala ya akaunti aphimbe ndi bokosi lotchinga kotheratu, osati cholembera choonekera. Akatero ajambule sikirini ya foni yake n'kutumiza chithunzi chatsopanocho, chifukwa m'menemo zosanjikiza zonse zaphwatalala kukhala chimodzi ndipo pansi palibenso chotsala. Asanatumize, ayambe wakweza yekha kuwala kwa chithunzicho mpaka pamapeto. Ngati manambala akuonekera kwa iye, adzaonekeranso kwa aliyense wa pagulupo.